Duku la Mayi Lili M'phula

Najma, Doha
27 Disembala 2023

Wokondedwa mlongo wanga Olipa,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Undiperekere moni kwa amalume a Stafford. Ine kuno ndili bwino, kungoti mutu umandiwawa m'mawa, mwina ndi mphepo yozizira ya makina a AC. Kalatayi ndaijambula ndi foni monga mwa nthawi zonse, ifikira pa foni ya a Conrad kugolosale. Uwauze kuti akangoiona akuitane, asamayambe awerenga okha.

Andichotsa pa geti ya hotela ija. Supavaiza atandiitana ndinkaganiza kuti kontirakiti yatha. Koma anditumiza ku Al Dafna, kuja kuli nyumba zitalizitali zagalasi. Ndikulondera chipinda chachikulu choonetseramo zithunzi, kuno amati galare. Ndimaima ndekha pakhomo tsiku lonse. Anthu sanayambe kubwera, atsegula mu Januwale.

Mwini zithunzizo ndi madamu Amina, kwawo ndi ku Pakistan. Sajambula ndi penti wamba. Amasungunula phula la njuchi m'timapoto pa mbaula yamagetsi, n'kusakaniza ndi utoto, n'kumapaka pa matabwa lisanaume. Akatero amaliwambanso ndi kachipangizo kotulutsa mphepo yamoto. Chipinda chonse chimanunkhira uchi. Tsiku loyamba ndinkangoyang'ana kudenga kufunafuna njuchi. Ndimaopa kuti moto ungabuke ine ndili pa ntchito, ndiye mawaya ndimawayendera pafupipafupi.

Akuti zithunzi zonsezi n'zonena za kusintha kwa nyengo. Kwawonso madzi anasefukira n'kupha anthu. Ndiye akupempha ife antchito a m'nyumba muno, a ku Nepal, a ku Bangladesh, kuti amene anataya m'bale wake ndi madzi abwere ndi kanthu ka m'baleyo. Wina anabweretsa kiyi wa nyumba yomwe kulibenso. Atandifunsa za kwathu ndinawauza za namondwe wa mu Malichi, za matope omwe anatsika m'phiri la Michesi n'kutenga mayi, ndiponso kuti mpaka lero sitinawapeze. Mawa lake ndinawaonetsa duku la mayi, lobiriwira la maluwa achikasu lija, limene anandimangiramo mtedza tsiku lomwe ndinkanyamuka. Analilandira ndi manja awiri. Analankhula zambiri m'Chingerezi chothamanga. Chimene ndinamva ine n'chakuti akulibwereka mpaka Epulo. Ndinati yesi madamu.

Tsopano m'thumba la yunifomu, momwe limakhala, mulibe kanthu, koma dzanja limangopitamo lokha. Kodi ndalakwitsa? Ndikuganiza kuti alipachika pa msomali kuti anthu aone basi. Undiuze ngati mvula yayamba bwino. Nanga Tawina chifuwa chija chinasiya? Usamugoneke pafupi ndi khomo.

Ndine mchimwene wako,
Macfussy


Phalombe
26 Disembala 2023

Achimwene,

Moni wochokera kuno kumudzi. Tonse tadzuka, kaya inu kumeneko. Khirisimasi tadya bwino ndi zimene munatumiza, zikomo. Mpunga ndinaphika wochuluka, dzanja linayeza ngati tikadali tonse.

Amalume anatiitana dzulo madzulo. Akuti chaka chisakwane mayi ali opanda manda. Mabanja ena onse omwe sanapeze anthu awo anaika kale. Amadula thunthu la nthochi lotalika ngati munthuyo, n'kulikulunga ndi chovala chake, n'kuliika m'manda monga maliro enieni. Akwa a Mwawi anaika atatu tsiku limodzi. Tatsala ife tokha. Amalume akuti amangolota mlongo wawo ataima panja pa mvula, akusowa polowa. Asankha pa 13 Malichi, tsiku lomwe madzi anabwera.

Vuto ndi chovala. Mukudziwa kuti m'nyumba ya mayi simunatuluke ngakhale supuni. Ndafunsa amayi a mvano ngati alipo anabwerekako chitenje chawo, palibe. Amalume akuti nsalu yogula kusitolo siingathandize, ikufunika yomwe inamwa thukuta lawo. Ndiye ndakumbukira duku lija. Chinthu cha mayi chomwe chatsala pa dziko lino ndi chimenecho basi. Chonde pezani munthu wobwera kumudzi mumupatsire. Musatumize pa positi, lingasowe.

Mvula inagwa kawiri, tadzala pamalo atsopano omwe anatipatsa, koma kumwamba kwayera mbee. Mu Malichi madzi, tsopano dzuwa.

Ndine mlongo wanu,
Olipa

Ndikuwonjezera pa 9 Januwale. Foni ya a Conrad inali kokonzetsa ku Migowi, yabwera lero. Akuti muli kalata yanu koma chithunzi chikukana kutseguka. Ndikutumiza yangayi ndisanawerenge yanuyo.


Najma, Doha
14 Januwale 2024

Mlongo wanga Olipa,

Moni kwa nonse. Kalata yako ndinaiwerenga mu basi popita ku ntchito, ndipo ndinapitirira potsikira. Pofika pano uyenera kuti wawerenga yanga ija, ndiye ukudziwa kale theka la nkhani. Theka linalo ndi ili.

Duku sanalipachike pa msomali.

Chaka chitangoyamba ndinalowa m'mawa n'kupeza aliyala pa thabwa lalikulu ngati chitseko. Pamwamba pake athira phula. Phulalo ena alisakaniza ndi utoto wofiirira ngati madzi a mtsinje wosefukira. Maluwa achikasu aja akuoneka pansi pake, ngati ukuyang'ana chinthu chomwe chamira. Ndinagwira ndi chala, n'polimba ngati sopo. Madamu anabwera akumwetulira, akuti Macfussy, waona mmene mayi ako akongolera? Ine ndinati yesi madamu, n'kupita kuchimbudzi kukasamba kumaso.

Ndinamuuza Ismail, mnzanga wa ku Mangochi amene timagona chipinda chimodzi, dalaivala uja. Iyeyo Chingerezi amachidziwa. Anandifunsa kuti, "Anakufotokozera zimene akufuna kuchita?"

Ndinati, "Anafotokoza."

"Iwe unamva?"

"Ndinamva Epulo."

Anagwira mutu. Akuti, "M'bale wanga, tsiku lina adzakufunsa ngati angakudule mwendo, iwe udzati yesi madamu, n'kuwathandiza kupinda thalauzi."

Iye ankaseka koma ine sindinaseke. Olipa, kuno ndi mmene anatiphunzitsira. Mlonda sanena ayi, ndipo safunsa kawiri. Ukafunsa kawiri amati sumva, ndipo wosamva amamukweza ndege.

Ndatumiza chithunzi kuti muone nokha kuti sindikunama. Amene aima pambalipo atanyamula kachipangizo kamotowo ndi madamuwo. Uwapemphe amalume kuti tsikulo alisunthe, lipite kutsogolo kwa Epulo. Ngakhale Epuloyo akafika, kaya nsalu imatuluka m'phula, sindikudziwa. Ndayesa ndi kansanza ndi kandulo kuchipinda kuno, kanang'ambika.

Chakudya sichikulowa. Undiyankhe msanga.

Macfussy


Phalombe
27 Januwale 2024

Mphwanga Macfussy,

Ndine malume ako Stafford. Ndakupatsa moni. Ine kulemba sindikonda, maso anatha, koma nkhani iyi sindingatume mwana wamkazi yekha.

Chithunzi chako chinafika tsiku la msika, pa golosale pali anthu. Conrad anachionetsa kwa aliyense amene anabwera kudzagula mchere. Pofika kwa Olipa n'kuti mudzi wonse utachiona kale. Ndikuuza zimene akunena, chifukwa ndi bwino uzimve kwa ine.

Akuti wapereka duku la mayi ako kwa sing'anga wa Aluya. Akuti mkazi wa m'chithunziyo wanyamula moto, pambali pake pali timiphika, ndipo nsalu aitsekera m'makandulo kuti mzimu wa mayi ako uzikugwirira ntchito. Akuti n'chifukwa chake thupi silinapezeke. Akuwerengetsanso kuti unanyamuka madzi atatsala pang'ono kubwera, ndipo pamalo atsopano ano nyumba yoyamba kukhala ndi malata inali ya mlongo wako. Mawu oti wakhwima akutuluka m'kamwa mwa anthu omwe unkadya nawo mango.

Ine ndinakunyamula pa phewa kupita nawe ku sikelo. Ndimadziwa kuti umaopa ngakhale kupha nkhuku. Sindikukhulupirira. Koma akandifunsa kuti nanga Aluya nsalu ya munthu wakufa akufuna atani nayo, pakamwa pamandiuma. Ndiuze ndi mawu ako kuti ndikhale ndi choyankha.

Za tsiku, silisuntha. Mlongo wanga wakhala panja mokwanira. Ndine amene ndatsala m'mimba mwathu, ndipo sindikudziwa ngati Epulo wako adzandipeza.

Malume ako,
Stafford


Najma, Doha
9 Febuluwale 2024

Amalume, pamodzi ndi iwe Olipa,

Ndagwada popereka moni. Amalume, Mulungu akundiona. Sindinakhwime. Malata aja ndi a maovataimu, ndinkaima pa geti dzuwa likuwotcha mpaka nsapato kumata pansi. Madamuwo si sing'anga ndipo si Mluya. Ndi munthu wojambula basi. Akuti amasankha phula chifukwa limasungunuka kukatentha, monga mmene dziko likuchitira. Ndi zimene Ismail anandiwerengera pa pepala la pakhomo.

Atsegula tsopano. Zithunzi zilipo zambiri, za minda yong'aluka, za nyumba zomira, koma cha mayi achiika pakati, moyang'anana ndi pomwe ndimaima. Pambali amata kapepala kolembedwa Gladys, Phalombe, Malawi. Anthu amabwera ovala bwino, onunkhira. Ena amaima nthawi yaitali. Mayi wina wachikulire analira. Ena amatembenuka n'kudzijambula akumwetulira, duku lili kumbuyo kwawo. Ntchito yanga ndi kuwauza kuti musagwire. Inenso sindiloledwa kugwira, pali kamera.

M'chipindamo amaziziritsa kwambiri kuti phula lisafewe. Mukudziwa mmene mayi ankadanira ndi kuzizira, mu Juni ankafunda ngakhale masana. Ndikalowa m'mawa anthu asanabwere ndimati mwadzuka bwanji mayi. Pa tsiku lonse mawu a Chichewa omwe ndimalankhula ndi amenewo, chifukwa Ismail amachoka ine ndisanadzuke.

Ndinafuna kulankhula ndi madamu. Ndinayamba ndafunsa supavaiza wathu, a Hashimu. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato. Akuti, "Iwe ndiwe mlonda kapena mwini galare? Unapereka wekha. Khalasi, yatha imeneyo. Madamu akangodandaula za iwe, ukakwera ndege." Ndiye madamu akamadutsa ndimatsegula pakamwa, n'kutulukamo gudu moningi.

Koma pali china chimene chikundisowetsa mtendere. Ndinaona pa foni nkhani ya mayi wina yemwe madzi anamutenga, anthu n'kumulira, kenaka n'kupezeka wamoyo ku Mozambique, mutu utasokonekera pang'ono. Kaya ndi zoona, sindikudziwa. Kodi ku Milange munafunsako? Nanga tikakumba manda, mayi n'kutulukira pa msewu, tidzawauza chiyani? Mwina duku lakanirira m'phula kuti tisafulumire. Bwanji tidikireko pang'ono?

Ndine mwana wanu,
Macfussy


Phalombe
21 Febuluwale 2024

Achimwene,

Moni. Amalume akuti ndiyankhe ine, iwo atopa.

Pali zimene sindinakuuzeni chifukwa ndimadziwa mtima wanu. Lero ndikuuzani. Ine ndinalipo. Tinali titatuluka kale, Tawina ali kumsana, tafika pa chulu chija cha kumtunda. Mayi anati mbuzi zatsala zomangirira, n'kubwerera. Ndinawaitana, anakweza dzanja osacheuka. Phiri linalira ngati malole ambiri. Sanali madzi okha, achimwene. Inali miyala yaikulu ngati nyumba, ndi mitengo yathunthu. Pomwe panali khola pano pali mwala woti anthu khumi sangauzungulire atagwirana manja. Ku Milange alamu anu anapitako, kuchipatala ndi kupolisi komwe. Mayi sakubwera pa msewu. Lekani.

Inu muli ndi mayi pakhoma, mumawapatsa moni m'mawa uliwonse. Ine ndilibe ngakhale pokapalira udzu. Ndikawasowa ndimapita kukaima pa mwala uja ngati wamisala.

Kumjigo ndikafika anthu amasuntha ndowa zawo. Tawina anabwera kusukulu akulira, anzake akuti malume ako anadya agogo ako. Chimanga chapsa chisanamasule, anthu ali ndi njala ndi mkwiyo, ndipo akufuna woti amuloze chala.

Duku likapanda kubwera, amalume akuti tikulunga ndi chitenje changa. Tidzaika, koma aliyense adzadziwa kuti m'mandamo mulibe mayi, ndipo zimene akunena za inu adzazinena mpaka kwa zidzukulu zanu. Mumaopa madamu, mumaopa supavaiza, mumaopa ndege. Ine ndatopa kukuoperani.

Olipa


Najma, Doha
4 Malichi 2024

Mlongo wanga Olipa,

Moni kwa iwe, alamu, ana ndi amalume. Kalata yako ndinaiwerenga kamodzi kokha, sindinathe kubwereza. Za mbuzi sindinkadziwa. Ndinkangowaona m'maganizo ali m'nyumba, ndiye ndinkati mwina anatulukira pa zenera.

Ismail anandiphunzitsa mawu a Chingerezi oti ndikanene. Ndinawaloweza mu basi, koma nditafika pakhomo anali atathawa onse. Madamu analowa cha m'mawa, chipinda chilibe anthu. Anandifunsa monga amachitira masiku onse, osaima, kuti zonse zili bwino Macfussy?

Ndinati no madamu.

Anapita mapazi angapo asanamve. Kenaka anabwerera. Ndinaimbira Ismail, ndinaika foni pakati pathu kuti azimasulira. Iye ali pa msewu, mahutala akumveka.

Olipa, Epulo uja sanali wondibwezera. Ankanena kuti mu Epulo chithunzicho chidzapita kukaonetsedwa kudziko lina, kenaka kwinanso. Akuti anandifunsa kawiri ngati ndikumvetsa kuti nsalu siidzabwerera, ine ndinati yesi kawiri konse. Ismail atamasulira zimenezo anawonjezera zake m'Chichewa, akuti, "Wamva, bwana yesi? Mayi ako akanakwera ndege iwe uli pa geti."

Ndinafotokoza za thunthu la nthochi. Ismail anavutika kumasulira, madamu ankaganiza kuti tikufuna kudzala nthochi pa manda. Ndinatenga botolo lamadzi, ndinaligoneka pa benchi, n'kulikulunga ndi mpango wanga wa m'thumba. Pamenepo anamva. Anakhala pansi pa benchipo. Anati mchimwene wawo nayenso sanapezeke, ndipo kwawo alibe mwambo wotere, mayi awo amangoyala mbale yake mpaka lero. Anafunsa kuti maliro ndi liti. Kenaka ananyamuka kupita ku ofesi ya eni galare. Mawu ankamveka mpaka pakhomo, chifukwa eniakewo anali atalonjeza kale chithunzicho kwa anthu a kunjawo. Ine ndinkangoyang'ana nsapato, ndikuganiza zoti ndilongedze chiyani.

Dzulo m'mawa, tisanatsegule, anatsitsa thabwalo n'kulitsamiritsa pa tebulo. Anayatsa kachipangizo kamoto kaja. Anandiuza kuti ndigwire ngodya ya duku, ndizikoka pang'onopang'ono iwo akamawamba. Phula lofiirira lija linayamba kuyenda, kutsika ngati madzi amatope, maluwa n'kumatuluka limodzilimodzi. Linanditentha zala koma sindinasiye. Madamu ankangoti pang'ono, pang'ono. Sipanang'ambike paliponse. Titatha analiika pakati pa mapepala n'kulisita ndi ayironi, mapepala n'kumamwa phula. Akuti lonse silingachoke, lalowa mu ulusi.

Ismail akubwera ku holide, anyamuka pa 7. Walonjeza kuti asanapite ku Mangochi adzera kwanuko. Ndamuuza kuti alisunge m'malaya, osati m'chikwama, chikwama chimasowa pa eyapoti. Ndamuuzanso kuti asaliike pa dzuwa. Akuti ndikanenanso kachitatu alisiya.

A Hashimu andiuza kuti mwezi ukatha ndikubwerera ku geti ya hotela, panja. Akuti mlonda wolankhula ndi makasitomala sayenera m'chipinda chozizira. Za kontirakiti akuti tidzaona. Palibe kanthu. Ukalilandira undiuze tsiku lomwelo.

Mchimwene wako,
Macfussy


Phalombe
15 Malichi 2024

Achimwene,

Moni. Tonse tili bwino. Mayi tawaika.

A Ismail anafika Lolemba pa kabaza, fumbi mpaka m'nsidze. Anatsikira pa golosale, ndiye anthu anadzaza. Analitulutsa m'malaya monga munawauzira. Mkulu wina anafunsa mokweza kuti kodi mnzanuyo kumeneko ali ndi magalimoto angati. A Ismail anati, "Galimoto? Munthu amagona pa bedi lapamwamba, mutu kugunda denga, sokosi amachapira mu sinki. Ngati kukhwima kwake ndi kumeneko, sing'angayo am'bwezere nkhuku yake." Anthu ena anaseka. Ena sanaseke. A Conrad anawapatsa fanta osalipiritsa, ndikuganiza ndi manyazi.

Duku ndinalizindikira ndisanalitambasule. Pangodya pakadali pomwe mayi anasoka ndi ulusi wakuda. Koma linali lolimba, likununkhira uchi. Ndinaganiza zolichapa kuti anthu asanene kuti taika mankhwala m'manda. Ndinapita nalo kumjigo ndi sopo. Achimwene, madzi sakulowa. Ndikathira amangosanduka timikanda n'kugwera pansi. Ndinayesa kulimiza mu beseni, likutuluka louma. Ndinabwerera ndikulira kuti ndalephera.

Amalume analitenga, n'kuthirapo madzi a m'kapu yawo, n'kumayang'ana akutsetsereka. Anathiranso. Kenaka anati, "Lisiye choncho. Madzi anamukwana mlongo wanga."

Thunthu anadula alamu anu kudimba kwa a Mwawi. Poyeza utali anayezera pa ine, poti ine ndi mayi tinali ofanana. Tinalikulunga ndi nsalu yoyera, kumutu ndinamanga duku ine ndemwe, mfundo kumbuyo, mmene ankamangira popita kutchalitchi. Amayi a mvano anaimba. Anthu anabwera ambiri ndithu, ngakhale alipo ena omwe anakhala m'makomo mwawo. Amenewo asiyeni. Pothira dothi amalume anathira kawiri. Kachiwiriko anatchula dzina lanu kuti aliyense amve.

Dzulo amalume anadzuka mochedwa, dzuwa litakwera. Akuti sanalote kanthu.

Mawu ena a m'kalata yanga ija anali olasa. Sindikuwabweza onse, koma muzidya. A Ismail akuti mwaonda.

Mlongo wanu,
Olipa


Najma, Doha
22 Malichi 2024

Mlongo wanga Olipa,

Moni kwa nonse. Zikomo. Uwathokoze amalume chifukwa cha dothi lija, ndi alamu chifukwa cha thunthu. Pa 13 ndinali pa ntchito. Sindinkadziwa ola lomwe mukuika, ndiye ndinavula chipewa tsiku lonse. A Hashimu anaona, n'kungodutsa.

Thabwa lija madamu analibwezera pakhoma mmene linalili. Pomwe panali duku patsala dzenje la ngodya zinayi, losaya. Ukayandikira umaona mizere ya ulusi itadinda m'phula, ndi pomwe panali msoko wakuda uja. Pansi pake phula linauma likutsika. Asintha kapepala ka pambali. Wa ku Nepal wosesa anandiwerengera, akuti palembedwa kuti nsalu ya Gladys inapita kwawo kukaikidwa m'manda. Anthu tsopano sadzijambula pamenepo. Amawerenga, n'kuyang'ana dzenjelo, ena n'kucheukira kwa ine. Ine ndimayang'ana kutsogolo.

Sabata yamawa ndikubwerera ku geti. Kwayamba kale kutentha. Ismail kulibe, pa bedi lake agonapo wina wa ku Uganda, sitimvana.

Kodi manda ali mbali iti? Pali mthunzi? Muonetsetse kuti si m'njira ya madzi, ngati pali potsetsereka alamu akumbe kangalande kumtunda kwake mvula isanabwerenso. Ndiponso uike miyala m'mbali.

M'mawa ndikalowa pakamwa pamafuna kunena moni uja, koma ndimadziwa kuti pakhomapo palibe munthu. Ndiye ndikupempha. Ukapita kukapalira udzu, uwauze mayi kuti ndadzuka bwino.

Ndine mchimwene wako,
Macfussy